Zopanda chikwangwani: m'mene tinagawira ndalama zotsala ku ADC yathu thandizo litadulidwa

Anzanga angapo amene timagwira ntchito yofanana m'maboma ena akhala akundifunsa kuti kodi kwanuko munapanga bwanji ndalama zitadulidwa, ndiye m'malo moyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp ndati ndingolemba zonse pamodzi, zimene zinayenda ndi zimene zinatikanika. Ine ndine wa ku fildi pa kabungwe kakang'ono ka konkuno, timagwira ntchito m'dera la T/A mmodzi kuno kummwera. Dzina la dera, la chipatala komanso la anthu sinditchula chifukwa mkatimu muli nkhani ya mwana, komanso anthuwa ndimakumana nawo tsiku ndi tsiku.

Kabungwe kathu sikamanga zinthu. Ntchito yathu inali tinthu ting'onoting'ono tomwe timapangitsa kuti zimene zinamangidwa kale ziziyenda. Timagula ufa wa soya ndi chimanga wa phala m'ma CBCC (sukulu za mkombaphala za m'midzi), timathira mafuta m'njinga yamoto kuti alangizi a zaumoyo azikachititsa sikelo kumidzi yakutali komanso kukafufuza anthu amene asiya kudzatenga ma ARV, timalipira fizi ana ena a ku CDSS (sekondale zoyendera), timagula zipangizo za mijigo, ndiye panali ka thiransipoti ndi ka mayunitsi ka mayi amene amayang'anira zoteteza ana m'deramo. Basi zisanu zimenezo.

Ndalama zimachokera mbali ziwiri. Gawo lalikulu limadzera ku bungwe lina lalikulu lomwe limalandira thandizo la boma la America, gawo laling'ono limachokera kwa anzathu a mpingo a kunja. Pa 20 January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lopita kumaiko ena, ndipo pasanathe masabata awiri ife tinalandira kalata yoti ntchito zonse za pa ndalama imeneyo ziime pomwepo, osagula kanthu, osayenda. Tinatsala ndi ka mpingo kaja, komwe kanali ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a bajeti yonse. Ndipo musaiwale kuti ndalamayo inali itafooka kale, kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022 kenako ndi 44% mu November 2023, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700, pomwe bajeti yathu inalembedwa m'makwacha. Mafuta kumapeto kwa 2024 amasowa, timagula a m'zigubu pamtengo wokwera. Anthu nawo anali asanadzuke bwino ku namondwe wa Freddy wa March 2023, kenako ng'amba ya 2024 ija imene boma linalengeza kuti ndi ngozi m'maboma 23 mwa 28. Ndiye kalata imeneyi inatipeza mu February, mwezi woti pakhomo pambiri moto umayaka kamodzi patsiku.

Ku ofesi maganizo oyamba anali oti tidule zonse mofanana, chilichonse chilandire gawo limodzi mwa atatu, palibe wodandaula kuti takondera. Papepala zimaoneka zachilungamo ndithu. Koma titakhala pansi kuwerengera tinaona kuti tikatero tapha zonse zisanu nthawi imodzi. Mwana ukamulipirira gawo limodzi mwa atatu la fizi amathamangitsidwabe. Njinga ukaithira mafuta ochepa imafika midzi yapafupi yokha, imene anthu ake amatha kuyenda okha wapansi kupita kuchipatala, yakuphiri ija imene tinagulira njingayo siifikako. Ndiye panafunika kusankha, china chikhale china chife, ndipo ine ndinakana kuti chisankho chotero chipangidwe ndi anthu anayi mu ofesi. Anzathu a mpingo aja titawalembera anavomera kuti ndalama yawo tiisinthe ntchito bola pakhale maminitsi osonyeza kuti anthu eni ake agwirizana nazo.

Kwa amene simugwira ntchito zimenezi, dongosolo lake lili chonchi. Kuchokera pa mfundo ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998, kwa gulupu aliyense kumakhala VDC, komiti ya chitukuko ya m'midzi yake, kwa T/A kumakhala ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse, ndipo alangizi a boma ndi ife a mabungwe timakhala mu AEC yomwe ntchito yake ndi kulangiza ADC pa zaukadaulo. Zofuna za m'midzi zimalembedwa mu VAP, pulani ya chitukuko ya m'mudzi, n'kukwera mpaka kukalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse ku khonsolo. Njirayi ndi yabwino, koma pali chinthu chimodzi chimene ndinazindikira mochedwa: makomiti amenewa zaka zonsezi akhala akufunsidwa funso limodzi lokha, loti mukufuna chiyani. Mlatho, buloko ya sukulu, nyumba ya mphunzitsi, mjigo watsopano. Palibe anawafunsapo kuti pa zimene muli nazo kale tisiye chiti. Ndi funso lina kotheratu ndipo limawawa.

Miting'i yoyamba ya ADC inalephereka, ndinene chilungamo. Tinali titanena kale kuti sipakhala alawansi kapena fanta, ndiye anabwera ochepa, ndipo amene anabwerawo anabwera ndi mtima woti ndalama tadya ife a bungwe, za America ndi chonamizira chabe. Sindiwaimba mlandu, anaonapo mapulojekiti akutha chonchi popanda owafotokozera. Kenako nkhani yonse inakhotera ku chidikiro. Pachipatala chathu pali chidikiro cha amayi apakati chimene chinaima pa mawindo, chilibe denga, ndiye abambo ena anati ndalama yatsalayo ingopita pamenepo tigule malata, chioneke chinthu chimodzi chogwirika kusiyana ndi kumwaza ndalama pa mafuta omwe amangopsa. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinabwerera kunyumba mutu ukupweteka.

Chimene chinasintha zinthu pa miting'i yachiwiri ndi chinthu chophweka koma chimene ku ofesi ena amachiopa. Tinalemba bajeti yonse pa filipi tchati, mzere ndi mzere, kuphatikizapo malipiro anga ndi a mnzanga wa zachuma komanso lendi ya ofesi, ndipo tinabweretsa kalata ija ndi sitetimenti ya ku banki, mlembi wa ADC n'kuwerenga mokweza yekha, osati ine. Anaona kuti anzathu awiri ntchito yawathera, anaona kuti malipiro anga adulidwa pakati. Panakhala kaye zii. Kenako a tcheya anati, chabwino alangizi, tamva, ndiye tiuzeni ndalama imeneyi ingagule chiyani. Kuyambira pamenepo tinayamba kukambirana ngati anthu a nyumba imodzi.

Tinatenganso nthawi kufotokoza za matumba a ndalama, chifukwa anthu ambiri amangoti ndalama za chitukuko ngati ndi thumba limodzi. CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, imene inayamba mu 2006, ndi DDF, thumba la chitukuko la ku khonsolo, kawirikawiri zimapita ku zomangamanga, ndipo chidikiro kwake ndi kumeneko. Ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, za ORT, zimachokera ku boma lalikulu kupita ku khonsolo ndipo ADC ilibe mphamvu yeniyeni pa izo. Ndiye ka ndalama kathu kanali kokhako m'dera lonse kamene anthu akanatha kunena kuti kagule mafuta kapena soya. Tikakaika pa malata, chidikiro chikhala ndi denga koma chopanda zitseko, pulasitala ngakhale chimbudzi, ndipo zisanu zija zonse zaima. A khansala, omwe poyamba anali mbali ya malata, anavomera kuti nkhani ya chidikiro aitenga okha kupita nayo ku khonsolo ndipo ADC inalemba kalata yoiika pa nambala wani. Mayi wina wa mu komiti anangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, tiyeni tikambe za ndalama ili pano.

ADC inagwirizana kuti isagamule yokha, titsike kaye ku ma VDC. Tinayenda masabata awiri, malo ena pa kabaza malo ena wapansi chifukwa mitsinje inali yodzadza. Pamalo paliponse timagawa anthu, amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, mafumu paokha, chifukwa mukawasakaniza amayankhula ndi anthu atatu omwewo ndipo mayi sangatsutse a mfumu pagulu. Aliyense timampatsa zowerengera khumi kuti agawe pa zinthu zisanu zija m'mene iye akuonera kufunika kwake. Tsiku loyamba ndinabweretsa njere za chimanga monga tinaphunzirira ku tirening'i, agogo ena anandiyang'ana n'kunena kuti mwanawe, mwezi uno chimanga sitiseweretsa pansi. Ndinapepesa, ana anatitolera timiyala, ndipo kuyambira pamenepo timagwiritsa ntchito timiyala.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa chinthu chimene ndinachiona patapita miyezi. Poti ambiri sawerenga, pa chinthu chilichonse timaika chizindikiro pansi. Pa phala tinaika kapu ya pulasitiki ya ku CBCC, pa sikelo kabuku ka kuchipatala, pa fizi kope, pa mjigo chidutswa cha paipi. Pa zoteteza ana ndinasowa choika. Uika chiyani? Ndinangolemba papepala n'kutsindika ndi mwala. Ndiye tangoganizani, zinthu zinayi zoti munthu akuziona n'kuzizindikira nthawi yomweyo, chachisanu ndi kapepala. Ndipo pofotokoza ndimangoti iyi ndi thiransipoti ya mayi uja wa zoteteza ana, ndiye kwa anthu zimamveka ngati ndalama ya munthu mmodzi yoyendera.

Zotsatira zinali zosiyana malinga ndi gulu. Amayi pafupifupi paliponse anaunjika miyala pa mjigo ndi pa sikelo. Chifukwa chake sanabise, kolera ya 2022 mpaka 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno inadutsanso kwathu, ndipo amakumbukira kuti inavuta kwambiri m'midzi imene mijigo inali yakufa anthu n'kumamwa ya mumtsinje. Komanso mjigo ukafa amene amadzuka 4 koloko kukasaka madzi ndi iwowo. Za sikelo amati kuyenda maola atatu ndi mwana kumsana wina m'mimba kuti ukabayitse katemera, ambiri angosiya. Achinyamata anaika pa fizi, abambo anagawa pakati pa fizi ndi mjigo, mafumu ambiri anakonda phala chifukwa CBCC ili m'mudzi mwawo ndipo ikatsekedwa anthu amafunsa iwowo. Kapepala kanga kaja kanapeza timiyala towerengeka, malo ena ziro.

Kunena zoona miyala sinatithandize kwambiri kuposa funso lachiwiri limene linabwera ndi mlangizi wa zaumoyo wina wachikulire, osati ine. Iye anati tisangofunsa kuti chofunika kwambiri n'chiti chifukwa zonse n'zofunika, tifunse kuti pa zisanuzi n'chiti chimene mudzi ungathe kunyamula wokha ngakhale movutikira, ndipo n'chiti chimene popanda ndalama ya kunja chafa basi. Funso limeneli linatsegula mitu. Pa phala anthu anati tikakolola tikhoza kusonkha, mbale imodzi pakhomo, ndipo mafumu ena analonjeza malo a munda wa CBCC woti adzale soya ndi chimanga, vuto ndi miyezi ya pakatiyi mpaka April. Pa mjigo anati makomiti a madzi alipo kale ndipo anthu amasonkha pamwezi, kungoti ndalama imathera pa maliro ndi ngongole, ndiye tikakhwimitsa pamenepo timalabala ndi tizipangizo tating'ono ta mjigo wa mtundu wa Afridev tikhoza kugula tokha, chotikanika ndi ma rodi ndi mapaipi. Koma mafuta a njinga palibe mudzi umene unati ungakwanitse, fizi chimodzimodzi.

Nkhani ya ma ARV sinatuluke pagulu ngakhale pamodzi, ndipo sindikudabwa, ndani angaimirire pamaso pa apongozi ake n'kunena kuti ine ndikufuna njinga izibwera chifukwa ndimamwa mankhwala. Tinakumana ndi ma sapoti gulupu a anthu omwa ma ARV paokha mkati mwa tchalitchi chitseko chotseka. Mantha awo oyamba anali oti mankhwala atha, mphekesera inali ponseponse, ena anali atayamba kudumphitsa masiku kuti asunge. Tinawafotokozera limodzi ndi a kuchipatala kuti ma ARV ambiri m'dziko muno amagulidwa ndi ndalama za Global Fund, thumba lina la maiko ambiri lothandiza pa zaumoyo, chimene chaima ndi anthu ndi mayendedwe ozungulira mankhwalawo, ndiye asadumphitse. Iwo eni ndi amene anabweretsa nzeru yoti akhale m'timagulu ta anthu okhulupirirana, mmodzi azipita kukatengera anzake mosinthana n'kusonkherana ya kabaza, njira imene inayambira kwa anansi athu ku Tete mu 2008 ndipo kuno inafika kale m'maboma ena. Amene ali bwino ndipo amamwa mokhulupirika a chipatala anawaika pa kulandira mankhwala a miyezi 6. Izi zinachepetsa maulendo ofunika njinga.

Miting'i yogamula inatenga tsiku lonse pabwalo la a T/A. Iwo sanatsogolere, anakhala pambali monga mlangizi m'mene malamulo a ADC amanenera, ndipo ndimawalemekeza pa chimenecho chifukwa akanangonena liwu limodzi nkhani ikanathera pomwepo. Pa mafuta a sikelo panalibe mkangano, anagwirizana kuti apite patsogolo, koma njinga izipita midzi yakutali yokha kamodzi pamwezi, ndipo buku la maulendo lizisainidwa ndi wa VDC wa kumene yafikako. Pa mijigo anagwirizana kuti bungwe lisamagulenso tizipangizo tating'ono, lingosunga kandalama ka zowonongeka zazikulu, ndipo mudzi umene buku lake la zosonkha silikuoneka bwino usathandizidwe mpaka ulikonze.

Pa fizi ndi pamene panali misozi. Ndalama imakwana ana osakwana theka la amene timawalipirira. Ena amati tisankhe osaukitsitsa, ena amati anzeru kwambiri, ena amati atsikana okha. Mphunzitsi wina wopuma anati ana onsewa tinawasankha chifukwa ndi osauka, kuyamba kuwayezanso umphawi ndi kuwachititsa manyazi kawiri, bola timalize amene ali pafupi kutuluka. Ndiye anagamula kuti a Fomu 4 ndi a Fomu 3 apitirire mpaka alembe MSCE, osatenganso atsopano, a Fomu 1 ndi 2 mayina awo apite ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ku khonsolo kukapempha basale, ngakhale tonse timadziwa kuti mndandanda wa kumeneko ndi wautali kale. Ine ndinagwirizana nazo nthawi imeneyo. Zinali ndi nzeru zake. Koma amene tinawasiyawo ndi ang'onoang'ono, a zaka 14, 15, msinkhu womwe mtsikana akakhala pakhomo miyezi iwiri anthu amayamba kumuyang'ana ngati mkazi.

Pa phala mlezi wina wa ku CBCC anaimirira, mayi woti wagwira ntchito yongodzipereka zaka zambiri osalandira kanthu. Anati zikomo a mfumu, zikomo a tcheya, ine sindikupempha sopo, ndikungonena kuti ana amabwera chifukwa cha phala, ndipo m'mwezi uno ena phala limenelo ndi chakudya chawo choyamba ndi chomaliza mpaka madzulo, mukuti tidikire kukolola koma mimba ya mwana siidziwa kalendala. Anthu anakhudzidwa, ndipo anachotsako pang'ono ku thumba la mijigo kuti ma CBCC a kumidzi imene ng'amba inavuta kwambiri alandire ufa mpaka April, masiku atatu pasabata. Enawo anauzidwa kuti ayambe kusonkha.

Zoteteza ana zinatenga mphindi zosakwana zisanu. Wina anati mafumu alipo, apolisi a m'mudzi alipo, ma mother group (magulu a amayi oyang'anira ana pasukulu) alipo, nkhani zikabuka azithana nazo. Mayi wa zoteteza ana uja analipo, anakhala kumbuyo, sanayankhule chifukwa akanaoneka ngati akumenyera thumba lake. Inenso sindinayankhule, ndimadziuza kuti ntchito yanga ndi kutsogolera zokambirana osati kukankha maganizo anga. Mzere umenewo unafufutidwa. Maminitsi analembedwa, kope imodzi ku khonsolo, ina kwa anzathu a mpingo, ina tinamata pachipatala, ndipo zinalengezedwa m'matchalitchi ndi m'mizikiti kuti pasakhale wonena kuti sanamve.

Tsopano zimene zinachitika m'miyezi yotsatira. Sikelo yakumidzi sinaphonye mwezi kupatula umodzi umene mafuta anasoweratu. Mijigo inayenda bwino kuposa m'mene ndimaganizira, ndipo chodabwitsa n'choti makomiti ena anayamba kusunga bwino ndalama atadziwa kuti kulibenso kothawira, ena anaika ndalama ya mjigo ku banki mkhonde kuti izibereka. Timagulu ta ma ARV tambiri tinagwira, ngakhale abambo ndi achinyamata sanalowemo ambiri ndipo amenewo ndi amene tikuwataya mwakachetechete, poti wowalondola kunyumba palibenso. Ma CBCC amene sanalandire ufa ana anachepa kwambiri mu March, awiri anatseka, imodzi inatsegulanso anthu atakolola, inayo mpaka lero ndi yotseka chifukwa alezi ake anapita kukachita maganyu ndipo sanabwererenso. Zosonkha za phala zinayenda miyezi itatu yoyamba kenako zinayamba kuzilala. Ndiziika apa kuti wina asatenge lipotili n'kumakanena kuti midzi ikhoza kudzidalira pa zonse, ayi, anthu osauka akusonkherana umphawi wawo womwewo ndipo pali malire. Ngakhale Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira pafupifupi khomo limodzi mwa khumi, enawo ndi omwewa tikuwauza kuti asonkhe.

Ndiye mu teremu yotsatira tinamva za mtsikana mmodzi wa Fomu 1 mwa amene tinawasiya aja. Anathamangitsidwa fizi, anakhala pakhomo, kenako achibale anamupereka kwa bambo wina wa mudzi wakutali. Malamulo alipo omveka bwino, lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18, ndipo mfumu ya m'mudzimo imadziwa zimenezo. Koma nkhani ngati imeneyi siyenda yokha kukafika pabwalo, pamafunika munthu woti wamva mphekesera, waimba foni, wakwera kabaza tsiku lomwelo, wakakhala pakhonde la makolo asanalandire kanthu. Munthu ameneyo ndi mayi uja tinamudula thiransipoti. Anamva patapita masabata asanu, anayenda wapansi pa ndalama yake. Mother group ya pasukulupo imadziwa kuti mwanayo sakubwera koma imaganiza kuti ndi nkhani ya fizi chabe, a mfumu amati amadikira kuti wina abweretse dandaulo. Aliyense amene tinati azithana nazo uja amayembekeza mnzake.

Mwanayo anachotsedwako, mothandizana ndi a T/A ndi apolisi, ndipo pano ali kwa azakhali ake. Kusukulu sanabwererebe. Titafufuza bwino tinapeza kuti pa ana a Fomu 1 ndi 2 aja si iye yekha amene anasowa m'kalasi, ena anapita kukagwira ntchito zapakhomo m'tauni, mnyamata mmodzi anapita ku esiteti.

Ndakhala ndikuganiza kwambiri za pamene panalakwika, chifukwa njira tinatsata yonse, anthu anafunsidwa, amayi anayankhula, maminitsi alipo. Ndikuona kuti miyala imawerenga kuchuluka kwa anthu amene chinthu chimawakhudza, siiwerenga kukula kwa bala pa munthu mmodzi. Mjigo umakhudza aliyense tsiku lililonse ndiye upambana nthawi zonse. Zoteteza ana zimakhudza mwana mmodzi pa nthawi, mobisika, ndipo khomo limene zikuchitikalo ndi lomwe silingaike mwala pamenepo. Ana eni ake sitinawafunse, gulu la achinyamata lija munali a zaka 20 kupita m'mwamba. Anthu aulumali sanafike chifukwa mabwalo anali kutali ndipo sitinaganize zowatengera, agogo olera ana amasiye ambiri anali ku maganyu. Ndipo zosankha ziwiri zija, kusiya a Fomu 1 ndi 2 komanso kudula woteteza ana, tinazikambirana padera ngati sizikukhudzana, chonsecho zimagwera pa ana omwewo. Ine amene ndinali ndi mndandanda wa mayina m'chikwama ndimayenera kuona zimenezo n'kunena. Kukhala chete kuja ndimati ndi kulemekeza anthu, koma ndinawabisira chinthu chimene ndimadziwa ndipo iwo samachidziwa.

Sindikunena kuti ku ofesi tikanasankha bwino, ayi. Tikanadula mofanana zonse zikanafa, ndipo za ma rodi, za munda wa CBCC, za timagulu ta mankhwala sizikanatuluka mu ofesi. Anthu atapatsidwa manambala enieni anasankha mwanzeru kuposa ife, anasiya malata omwe akanaoneka n'kusankha mafuta omwe saoneka. Pamene sanaone ndi pamene ife sitinawaonetse.

Tinabwerera ku ADC ndi nkhaniyi, popanda kutchula dzina la mwana kapena mudzi. Sindinafunike kunena zambiri. A T/A nthawi imeneyi anayankhula, anati pa chindapusa chimene mafumu amalandira pa milandu ya maukwati a ana ndi mimba za ana asukulu, gawo lina lizipita ku thumba la thiransipoti ya woteteza ana, ndipo msungichuma wa ADC azilemba. ADC inachotsanso pang'ono ku mafuta kuti mayiyo azikhala ndi mayunitsi, ndipo tsiku la sikelo azikwera nawo njinga yomweyo kupita kumidzi yakutali, zomwe sizinafune ndalama ina iliyonse ndipo ndikudabwa kuti sitinaziganize poyamba. Ahedi anavomera kuti mwana akajomba sabata imodzi azidziwitsa mother group ndi mayiyo tsiku lomwelo. Nambala yaulere ya 116 yonenera nkhanza zochitikira ana tinailemba pa makoma a sukulu zonse. Ndi zochepa, thumba la chindapusa limalowa mwa apo ndi apo ndipo sindikonda kuti chitetezo cha ana chizidalira kuti mwana wina walakwiridwa kale, koma ndi zimene zilipo.

Kwa anzanga amene mukupita kukachita zofananazi, ine ndikanabwerera ndikanapempha ADC kuti tisanaponye mwala ngakhale umodzi tigwirizane kaye kagawo kakang'ono kosakhudzidwa ka anthu amene sangadziyankhulire pabwalo, ndipo ndikanapita kusukulu kukakhala ndi ana a Fomu 1 paokha, ndi kunyumba za aulumali, m'mene tinachitira ndi a sapoti gulupu m'tchalitchi muja. Chidikiro chija chikadali chopanda denga, a khansala akuti chili pa mndandanda. Kuunikanso bajeti kuli mwezi wamawa, ndalama ndi yomweyo sinakwere, ndipo a tcheya avomera kuti woyamba kuyankhula akhale mayi wa zoteteza ana uja. Ndamupempha kuti abweretse chinthu choti tiike pansi m'malo mwa kapepala kaja, wati abweretsa yunifolomu ya sukulu.